Dzina lomwe unapatsidwa pa bwalo la sukulu

Munthu wa kuno kwathu sakhala ndi dzina limodzi. Pali dzina la pamchombo, lija amakupatsa azakhali kapena agogo pa tsiku lotuluka m'chikuta. Pali la ku tchalitchi kapena ku mzikiti. Pali la pa satifiketi ya MANEB, lomwe nthawi zina limasiyana chilembo chimodzi ndi la pa chiphaso cha unzika, n'kukuyendetsa m'maofesi mpaka nsapato kutha. Pali mfunda, Phiri kapena Nabanda, umene akuluakulu amakuthokoza nawo ukawapatsa madzi akumwa. Ukadzabereka limabweranso lina, bambo a uje, make uje. Maina onsewa alipo amene anayamba waganiza asanakupatse, ena mpaka kukangana pa banja. Koma lilipo limodzi lomwe palibe anakhalira pansi kuliganizira. Linangotuluka m'kamwa mwa kamwana kena ka mamina pa bwalo la sukulu, anzake n'kuseka, basi lakhazikika. Pamene ndikukula ndikuona kuti dzina limeneli limamuumba munthu kuposa ena onse aja, ngakhale ambirife sitikonda kuvomera.

Langa linali Wailesi.

Ndinakulira ku Dedza, m'mudzi wina wosatalikirana ndi malire a Mozambique. Mu 1993 ndinali mu sitandade 2, ndipo dziko lonse linkanong'onezana za riferendamu ya pa 14 Juni, ija yosankha pakati pa nyali ya zipani zambiri ndi tambala wakuda wa chipani chimodzi. Agogo aamuna anali ndi wailesi ya Nzeru yomwe mabatire ake ankawayanika padzuwa pamwamba pa nkhokwe, ati kuti abwereremo mphamvu. Madzulo ankatsegula MBC mokweza kuti aliyense wodutsa amve kuti pakhomo pano pali nzika zokhulupirika. Kukada bwinobwino ankatsitsa mawu n'kuyamba kupotokola kufunafuna wailesi zakunja, khutu litagunda pa sipika. Ine ndinkakhala pa mkeka chapafupi ndikunamizira kuwodzera. Kukacha, nthawi ya buleki, ndinkakwera pa chulu cha kuseri kwa kalasi n'kumabwereza zonse ndinamvazo, ndikutsanzira mawu a owerenga nkhani, mpaka ndi kakutsokomola kawo komwe. Tsiku lina mnyamata wa sitandade 4 anakuwa ali chapatali, "Tatsekani wailesiyo, mabatire atha!" Bwalo lonse linafa ndi phwete. Sabata isanathe, ngakhale aphunzitsi ankati akafuna wofufuta pa bolodi amangoti, "Wailesi, tabwera."

Amayi atamva zomwe ndinkaulutsa pa chulupo sanaseke nawo. Anathyola kamtengo ka pichesi. "Iwe mwana udzatimangitsa! Sukudziwa kuti m'kalasi mwanumo muli ana a apayoniya?" Ndinalandira zanga, ndale ndinazisiya kwa masabata angapo, koma dzina silinachoke. Linachita kukwera m'mwamba, chifukwa ku mjigo ndi ku chigayo amayi anayamba kutchedwa make Wailesi, pomwe anali ndi ana awiri akuluakulu kwa ine amene maina awo ndiwo amayenera kutchulirapo.

Dzina lotere limabwera ndi udindo wake. Lolemba m'mawa anzanga ankayembekezera kuti ndiwauze kuti Bullets ndi Wanderers zatha bwanji, wagoletsa ndani, oimbira anakondera mbali iti. Kufika ku sukulu wopanda nkhani kunali kochititsa manyazi kuposa kufika wosasamba. Ndiye ndinayamba kumvetsera mwadala zomwe kale ndinkangomva mwangozi. Ndinkatola tizidutswa ta nyuzi tokulungira usipa ndi mandasi n'kumatiwongola pa bondo, Boma Lathu yakalekale ndinkaiwerenga mpaka kuthothoka, maina a nduna ndinkawaloweza kuposa matebulo a masamu. Pofika chisankho cha pa 17 Meyi 1994, azibambo ena amene analibe wailesi ankandiimitsa pa njira ndikuchokera kotunga madzi: "Wailesi, tatiuza, zikuti bwanji kumeneko?" Kamwana ka zaka 9, kabudula wong'ambika kumbuyo, kakufotokozera amuna a ndevu zotsatira za ku Mangochi ndi ku Mzimba. Kukoma kwake ndikukumbukabe.

Lero ndimagwira ntchito ya mu ofesi ku Lilongwe, yosakhudzana n'komwe ndi zoulutsa mawu. Koma kukakhala chinkhoswe kwathu, maikolofoni imathera m'manja mwanga. Pa perekaniperekani ndine. Pa maliro, wowerenga mndandanda wa chipepeso ndi kulengeza kuti mwambo uyenda bwanji ndine ndemwe. Anthu amati ndi mphatso yobadwa nayo, ndipo ine sindivomereza kwenikweni. Mphwanga wonditsatira ankalongolola kuposa ine, amayi ankachita kumupatsa chimanga chokazinga kuti pakamwa patanganidwe. Koma iye tsiku lina anadumpha n'kugwira mpira wachikulunga womwe aliyense ankati walowa, ndipo kuyambira pamenepo anali Kipa. Malo ake anakhala pakati pa miyala iwiri ija, kumbuyo kwa anzake onse, kuyang'ana ndi kudikira. Lero ndi dalaivala wa mathiraki, munthu wofatsa amene pa msonkhano wa banja amalankhula pomaliza, mwinanso osalankhula n'komwe. Mwana amabadwa ndi makhalidwe ambirimbiri, koma dzina limachita zomwe amachita mlimi popatulira chimanga: pa phando pamera zitatu, iye n'kusiyapo chimodzi kuti chikule chokha.

Ine ndi Kipa tinachita mwayi, tinagwera maina ovalika. Ambiri sanatero.

Mu 1994 boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale, ana a sukulu m'dziko muno anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Amene tinalipo tikudziwa m'mene zinkaonekera. Kalasi yathu inasamukira pansi pa mtengo, bolodi atalitsamiritsa pa thunthu, ana opitirira 100 kwa mphunzitsi mmodzi, ndipo aphunzitsi ena anali achinyamata ongolembedwa kumene asanapite ku koleji. Munthu wotere sangasunge maina onse pamtima. Amangoloza: "Iwe wa mutu waukuluwe. Iwe wakudawe. Iwe wa chipsera." Ndipo dzina lochokera kwa Sala kapena Madamu silifufutika, chifukwa ana amalitenga kuti ladindidwa ndi boma. Chimutu, Makala, Mbutuma, onsewa anabadwira pansi pa mtengo umenewo. Anabweranso anyamata a zaka 14 ndi 15 amene fizi inkawatsekereza, kudzakhala pansi pamodzi ndi tiana ta sitandade 1. Amenewa ankatchedwa Agogo kapena Madala, ndipo ochepa kwambiri anapirira mpaka kufika sitandade 5. Pa zifukwa zosiyira sukulu timakonda kutchula umphawi, maukwati ndi ganyu, zomwe ndi zoona. Kusekedwa tsiku lililonse sitikuwerengera, koma ndinaona ndi maso anga kukuchotsa anthu pa sukulu.

Panali mnyamata wina yemwe ankakhala ndi agogo ake aakazi okha, makolo onse atamwalira. Anali ndi kabudula mmodzi, sopo kwawo kunalibe, ndipo usiku ankakodza pogona, monga amachitira ana ambiri amene mtima wawo sunakhazikike. M'nyengo yozizira ya ku Dedza, ya Juni ndi Julayi, kusamba m'mawa ndi madzi a pa mjigo ndi nkhondo ngakhale kwa munthu wamkulu. Anamutcha Kanyimbi. Akafika pa mzere wa asembule ana ankatseka mphuno n'kusuntha, pomuzungulira n'kutsala bwalo. Sanasiye sukulu ameneyu, anali wanzeru zedi, anasankhidwa kupita ku sekondale ya boma ndipo lero ali pabwino ndithu mu mzinda uno.

Ndimakumana naye mwa apo ndi apo. Nsapato zake mutha kudziyang'anirapo nkhope. Malaya ositidwa mpaka m'mphepete mwa kolala, kampango koyera m'thumba, m'galimoto mwake muli botolo la perefyumu, mu ofesi muli lina. Akazi ake anandiuza moseka kuti bambowa amasamba m'mawa, masana akapeza mpata, ndi madzulo, ngakhale madzi atavuta bwanji mu Lilongwe muno. Anzathu ena amati, "Mwaona, dzina lija linamuthandiza, linamuphunzitsa ukhondo." Ine mawu amenewa amandinyansa. Tsiku lina galimoto yake ili ku garaja tinakwera limodzi minibasi ya ku Area 25, anayi pa mpando monga mwa masiku onse. Ulendo wonse anakhala atapanikiza mikono m'nthiti, thukuta lili kamukamu pa mphumi, ndipo mayi amene anali pambali pake atangosuntha pang'ono kukonza chitenje, iye anati "pepani" msangamsanga, osadziwa chomwe akupepesera. Bambo wa ana atatu, wonunkhira kuposa tonse m'minibasi ija. Umenewo si ukhondo wophunzira, ndi mantha a pa asembule paja amene sanamusiyebe.

Dzina lina lomwe limandivuta kulikumbuka ndi la mnyamata wa ku Mozambique. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 m'dziko muno munali anthu othawa nkhondo okwana pafupifupi 1 miliyoni, ndipo ku Dedza ndi ku Ntcheu ambiri ankakhala m'midzi momwemo pakati pathu, poti a ku Angonia ndi abale athu enieni, chilankhulo chimodzi, mifunda yomweyo. Mnyamatayu anabwera ndi amayi ake ndi kamlongo kake. Tsiku lina lole inaphulitsa tayala pa msewu, iye n'kudzigwetsa chafufumimba, manja ataphimba mutu, osadzuka mpaka aphunzitsi kukamutukula. Kuyambira tsiku limenelo anali Renamo. Taganizani, mwana kumutcha dzina la anthu omwe iye ankati ndiwo anawotcha mudzi wa kwawo. Ankaitanidwa choncho pa mpira, pa mzere, ngakhale ndi azimayi omutuma ku chigayo, ndipo ankavomera, nanga akanatani. Mgwirizano wa mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ndipo m'zaka ziwiri zitatu zotsatira anthu anabwerera kwawo. Nayenso anapita. Ndafunsapo anzanga angapo a nthawi imeneyo, aliyense akumukumbuka bwino Renamo, kuthamanga kwake, mwendo wake wamanzere pa mpira, koma palibe ndi mmodzi yemwe akudziwa dzina limene amayi ake anamupatsa.

Za ana achialubino ndiye sindifuna n'kuyerekeza komwe ndi zathuzi. Napweri, Mzungu, maina amene ankaponyedwa mosaganiza m'masiku athu. Kuchokera mu 2014, pamene kuphedwa ndi kubedwa kwa anthu achialubino kunachuluka m'dziko muno, ena anayamba kuwakuwiza pa msewu kuti "ndalama". Apa mwana akamva dzina lake lachipongwe sangochita manyazi, amayang'ana kothawira.

Makolo athu ankadziwa kuti dzina la paubwana ndi katundu woti munthu asamusenze moyo wonse, ndipo anakonza njira yomutulira. Mtsikana akatha msinkhu n'kulowa m'tsimba, ankatuluka ndi dzina latsopano. Mnyamata akalowa ku dambwe, za kumeneko sitinena pano, koma chodziwika kwa aliyense n'chakuti amabwerako ndi dzina lina. Kwa anzathu a Chiyao ku Mangochi ndi ku Machinga, wochokera ku ndagala amakhalanso munthu wina, woitanidwa mwaulemu. Ndipo kumutchula munthu wotere dzina lake lakale unali mlandu weniweni, wokafika nawo kwa akuluakulu, nkhuku n'kutuluka. Mudzi wonse unkagwirizana kuti kamwana kokodza pogona kaja, kolira pa mpira kaja, katha, amene waima apayu ndi wina. Pali zambiri za m'zinamwali zomwe anthu akudandaula nazo masiku ano, zina ndi zomveka ndithu, koma pa nkhani iyi yokha ndimaona kuti akuluakulu aja anaganiza mozama kuposa ife ophunzirafe. Ife amene tinakulira mu mpingo tinapita ku chilangizo, tinalangizidwa bwino, koma tinabwerako ndi maina omwe aja. Sukulu nayo ilibe mwambo wofufuta dzina. Umalemba mayeso a sitandade 8, n'kunyamula dzinalo m'chikwama pamodzi ndi bulangete kupita nalo ku sekondale, chifukwa sipalephera kupezeka mmodzi wa kwanu amene wasankhidwira komweko.

Chinanso chomwe mudzi unali nacho ndi malire a nthabwala. Msuweni wako atha kukutcha chilichonse, kukulanda nkhuku, kukunena pagulu kuti ndiwe mwamuna wake wosauka, iwe n'kumangoseka kapena kubweza. Agogo amatcha mdzukulu wawo "amuna anga" kapena "mkazi mnzanga", n'kumamunena mphuno. Alamu amaseleulana. Adzukulu a kumanda amachita nthabwala pa maliro penipeni ndipo palibe amakwiya. Koma mawu omwewo atatuluka m'kamwa mwa mkamwini kupita kwa apongozi, mudzi ungaime. Chomwe chimapweteka si dzina lokha ayi, komanso kuti latuluka pakamwa pa yani. Atsibweni anga akanditcha Wailesi ndimamva kukoma mpaka m'mafupa. Koma tsiku lomwe mnyamata wina wa ku ntchito, wongobwera kumene, analitola kwa munthu wa kwathu n'kundiitana nalo pa khonde la ofesi, ndinamuyang'ana mpaka anazindikira yekha kuti waponda polakwika. Sanalione chulu chija, sanalawe kamtengo ka pichesi, alibe gawo m'dzinalo.

Anthu otchuka nawo ali ndi nkhani zawo pa maina. Mtsogoleri woyamba wa dziko lino anachoka ku Kasungu ali mnyamata, nakhala kunja zaka zoposa 40, ku Joni, ku America, ku Britain ndi ku Ghana, komwe ankadziwika kuti Dr Hastings Banda, dzina lomwe anatengera kwa mmishonale wa ku Scotland. Atatsika ndege pa Chileka pa 6 Julayi 1958, Chichewa chinali chitamuthawa moti pa misonkhano ankalankhula Chingerezi, John Msonthi n'kumamasulira. Chomwe chinamulumikiza ndi anthu a m'midzi ndi kadzina ka paubwana, Kamuzu, komwe anapatsidwa poti amayi ake anamwa mankhwala a mizu kuti aime. Kadzina kochepetsa, ka mwana wopemphedwa kwa sing'anga, n'komwe kanadzakhala pa bwalo la ndege, pa sitediyamu ndi pa chipatala, n'kumatchulidwa ndi mantha kwa zaka 30. Bingu wa Mutharika anayenda njira ina. Anabadwa mu 1934 ku Thyolo ali Brightson Webster Ryson Thom, ndipo atakula anavula mainawo n'kudzisankhira ake, kenako pa ndale n'kuwonjezera la Chitsulo cha Njanji. Muluzi ndi Atcheya mpaka lero, Chakufwa Chihana anali Simbi ya Moto.

Ku mpira ndiye kumunda kwa maina. Kinnah Phiri anali Electric, Ernest Mtawali anali Wire, Jack Chamangwana anali Africa, Esau Kanyenda anali Black Mamba. Pamene chigoli chakutali chija chinalowa mu ukonde wa Morocco mu Januwale 2022 ku Cameroon, dziko lonse linakuwa kuti Gabadinho, ndipo ndikukayika ngati theka la okuwawo likudziwa kuti mwini wake ndi Hellings Frank Mhango. Koma tisanamizane, awa ndi maina otamanda, amene munthu amapatsidwa atachita chinthu chooneka, kapena amadzisankhira yekha ali wamkulu. N'chifukwa chake timawamva. Palibe amalemba Mbutuma kumbuyo kwa jezi, ndipo anthu amene anakula ndi maina otero samabwera pa wailesi kudzafotokoza kuti zinawathera bwanji.

Pali mbali ina ya nkhaniyi yomwe ndinaiphunzira kwa amayi. Mzimayi wa kwathu akakwatiwa n'kubereka, dzina lake limalowa pansi. Amayi anga anali make uje, make Wailesi, Naphiri kwa apongozi awo, amayi a chigwirizano ku tchalitchi. Ine ndinafika sitandade 6 ndisanamvepo munthu akuwatchula dzina lawo lenileni, ndinkangoliona pa khadi la ku sikelo la mphwanga. Ndiye chaka china kunabwera atsibweni aakulu amene anakhalitsa ku migodi ndi ku mafamu a ku Zimbabwe. Atangofika pa bwalo, chikwama chili m'manja, anakuwa, "Nalimata! Ukadali moyo iwe?" Amayi anali akupeta ufa. Anaika lichero pansi n'kuseka kuseka kwina komwe ndinali ndisanakumvepo, kwa kamtsikana, mpaka kugwira m'mimba. "Achimwene, pa ana pano musanditero!" Usiku umenewo tinamva kuti mayi ofatsawa, oyenda pang'onopang'ono ndi Baibulo m'manja, ali mwana ankakwera mitengo ya mango kuposa anyamata onse a m'mudzi, kufika ku nsonga komwe ena ankaopa, ndipo anathyokapo mkono kawiri osaleka. Kuyambira pamenepo ndinkawaona mosiyana. Ndinamvetsa chifukwa chake sankakuwa akationa tili m'mwamba mwa mtengo monga ankachitira amayi a anzathu, ankangoti, "Ponda nthambi ya kumanzereyo, iyo ndi youma." Mtsikana wolimba mtima uja anasungidwa m'dzina limodzi lokha, ndipo amene anali ndi chilolezo cholitchula anali atsibweniwo basi. Iwo atamwalira, amayi anandiuza kuti tsopano palibenso wowadziwa. Ana asanu tili pomwepo, koma ndinamva chomwe ankatanthauza.

Ndiye sindinganene kuti maina a paubwana onse akwiriridwe. Ena ndi chuma. Maganizo anga ndi akuti mwini dzina akakula ndiye ayenera kunena ngati likhale kapena lichoke, ndipo akanena, ife tisamufunse chifukwa.

Masiku ano zinthu zasokonekeranso mwa mtundu wina chifukwa cha mafoni. Kuchokera pomwe tinalembetsa ziphaso za unzika mu 2017, manambala a foni n'kulumikizidwa ndi ziphasozo, ukamatumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba pamabwera dzina la boma la munthuyo. Kangapo ndaimitsa kutumiza poganiza kuti ndaphonya nambala, chifukwa mu foni mwanga munthuyo ndinamusunga kuti Makala, koma apa pakutuluka maina atatu aulemu omwe sindinawamvepo. Umachita kumuimbira: "Aise, kodi dzina lako ndi limeneli?" Iye n'kuseka, "Eya, ndi lomwe anandipatsa amayi." Munthu mwadziwana zaka zoposa 30. Pa mauthenga a maliro a pa wailesi ndi chimodzimodzi, akatchula dzina lenileni anthu amangopitiriza kudya nsima, mpaka owerenga awonjezere kuti "amene amadziwika bwino ndi dzina loti uje", pamenepo ndiye mbale zimagwa.

Anzathu a ku pulayimale ija tili ndi gulu la pa WhatsApp. Linayamba chifukwa cha maliro a mnzathu wina, kenako tinagwirizana zoti tizisonkha kangachepe mwezi uliwonse kuti tizithandizana pa mavuto. Ali m'gulumo ena ali ku Blantyre, ena ku Mzuzu, angapo ku Joni, mmodzi ku Ireland, ambiri akadali ku Dedza konko akulima mbatata ya kachewere. Msungichuma wathu, mayi wa chilungamo chake, ankalemba mndandanda wa osonkha pogwiritsa ntchito maina a pa bwalo la sukulu, poti ndi omwe aliyense amawadziwa. Wailesi wapereka. Kipa wapereka. Chimutu sanapereke miyezi iwiri. Kanyimbi wapereka, ndipo nthawi zonse ndiye ankayamba, n'kuwonjezerapo kuposa tonse.

Tsiku lina usiku Kanyimbi analemba uthenga waufupi. Anati mwana wake wamkazi anatenga foni kuti aonere zithunzi, n'kuona mndandandawo, n'kufunsa kuti adadi, Kanyimbi ndi ndani. Anapempha mwaulemu kuti dzinalo lisiye kulembedwa. Gulu linaphulika. Wina anati, "Amwene, ndi nthabwala chabe izi, tonse tili ndi maina." Wina anati munthu akagula galimoto amayamba kudzimva. Wina wa ku Joni anatumiza mawu ojambula a mphindi zinayi kufotokoza kuti iye amatchedwa Makala mpaka lero ndipo sizimupweteka, ngakhale mawu ake ankamveka kuti zimamupweteka ndithu. Amene anathetsa nkhani ndi mayi wina amene sakonda kulemba m'gulumo. Anangoti, "Inu munkatseka mphuno, ine ndinkakhala naye desiki imodzi. Anali mwana wamasiye. Musiyeni." Kunakhala zii mpaka m'mawa, anthu awiri n'kutuluka m'gulu, mmodzi n'kudzabwereranso patatha sabata.

Tinagwirizana kuti mndandanda uzilembedwa ndi maina a pa chiphaso, ndipo wofuna kusunga lake lakale anene yekha. Ine ndinasunga langa, Kipa anasunga lake, Chimutu anati iye zilibe kanthu bola asamamukumbutse ngongole pagulu. Mwezi woyamba msungichuma atatumiza mndandanda watsopano, mafunso anali mbwee: nambala 7 ndi ndani, nambala 12 ndi wa chaka chathu ameneyu? Tinathera tsiku lonse tikulumikiza maina ndi nkhope. Mpaka pano pali anthu awiri pa mndandandawo amene sitinagwirizanebe kuti ndi ndani, eni ake sakuyankha tikafunsa, koma ndalama zawo zimalowa pa 28 mwezi uliwonse.